Gasi Wobedwa ku Nangongwe

Ku Nangongwe kunalibe nyumba yamtendere ngati ya mayi Phyllis. Ankakazinga zitumbuwa, ankaimba kwaya, ndipo ndi manja awo awiriwo analera mwana wawo mmodzi yekhayo, Lastone. Chaka cha chilala magetsi ankathima tsiku lonse, anthu n'kuyamba kuphikira gasi. Lastone anapeza ntchito yoperekera masilinda m'makomo pa wilibala.

Koma mtima wa mnyamatayu sunkakhazikika, unkangozungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Anzake anali ndi mafoni atsopano, iye analibe. Tsiku lina mnzake Bruce, katswiri wa njira zachidule, anamuimitsa pafupi ndi siteshoni.

"Shani boi? Uzafela pa wilibala iwe. Silinda iliyonse uzichotsako pang'ono na paipi, uzaze yako, tigulise."

"Si kuba uko?"

"Kuba? Makampani ya mafuta kunja uko yamataya mpweya wa metheni mumwamba, ziko yapya, mvula yathawa. Anamangiwa ndani? Kako ni kang'ono chabe."

Mawuwo anamukomera Lastone, poti wofuna kuchimwa sasowa wodziyerekeza naye. Anayamba kupatutsira masilinda kunyumba masana, mayi ake ali kumsika. Koma gasi sabisika, ndipo posakhalitsa mayiwo anamva fungo.

"Lastone, masilinda aya yafuna chani muno?"

Iye anabwereza za makampani zija, mawu ndi mawu.

"Mwana wanga, tchimo ya munzako siisambika yako. Chosa vinthu ivi lelo."

Anavomera ndi pakamwa pokha. Mawa lake anatseka mawindo onse, n'kutsekera thumba pansi pa chitseko kuti aneba asanunkhize. Anaiwala chimene aliyense ku Nangongwe amachita: kusiya maswichi oyatsa kuti adziwe magetsi akabwera. Mbaula yamagetsi ya mayi ake, yomwe waya wake unkathetheka, inali yoyatsa chiyambire m'mawa.

Ali mkati mochotsa gasi, paipi inapulumuka, gasiyo n'kuyamba kufalikira m'nyumba. Lastone anagwidwa mantha, anatseka chitseko, nathamanga kukaitana Bruce. Ali m'njira anamva ana akukuwa, "Malaiti yabwela!" Kenako kunamveka chiphuliko. Nthawi yomweyo n'kuti mayi Phyllis atangolowa kumene, beseni la zitumbuwa lili m'manja.

Anapulumuka, koma manja aja anapsa mpaka zala kupindika. Bruce sanaonekenso. Kuchipatala Lastone ankawamwetsa phala ndi supuni, misozi ya manyazi ili chuchuchu.

"Amai, nikhululukileni."

"Nakukhululukila. Koma ona manja aya. Si makampani yaja yananiocha."

Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Achinyamata, dziko likutenthadi chifukwa cha umbombo wa akuluakulu, ndipo adzayankha okha. Koma musabisale kumbuyo kwa tchimo lawo kuti muchite lanu, chifukwa moto wake umayambira pa amene anakulerani.