Sikelo Yako Ndi Iyi

Akapitao Lackson anapisa mkono m'dengu la Angella mpaka m'chigongono, ndipo anautulutsa uli wonyowa.

"Eya! Lero ndakugwira," anatero akukweza dzanjalo kuti gulu lonse lione. "Dzuwa lonseli, masamba a anzako ndi ouma. Ako okha ndiye mvula yawagwera?"

Anali masana, nthawi yopimitsa tiyi. Anthu otchola anali atandanda pamzere pansi pa mtengo wa bulugama, pamene sikelo inkalendewera. Aliyense wa ku esiteti amachidziwa chinyengo chothira madzi m'masamba kuti dengu lilemere. Ukapezeka, dengu lonse limatayidwa, mwinanso tikiti yako ya ntchito imathera pomwepo.

"Si madzi, akapitao," anayankha Angella chapansipansi.

"Nanga n'chiyani? Tiyi wako amatuluka thukuta?"

Anthu anaseka. Akapitao anapisanso mkono, nafukula kabotolo kapulasitiki kokulungidwa m'kansalu. Chotsekera chake sichinagwire bwino, ndiye kankadontha.

Angella anali asanakwanitse n'komwe zaka makumi awiri. Mwana wake, Mtisunge, anali wa miyezi inayi. Bambo wa mwanayo anapita ku Joni mimba ili yaing'ono, ndipo foni yake inasiya kulira. Ntchito yotchola tiyi ndi ya nyengo ya mvula basi, ndipo ukangojomba, pageti pamakhala ena akudikira malo ako. Choncho mwana ankatsala ku layini, kunyumba za antchito, ndi a Olivia, mayi ake aang'ono a Angella, amene miyendo inawatupa kalekale. Kuchokera kumunda kukafika ku layini ndi mtunda woti sungathamange kukayamwitsa n'kubwera kapitao asanaone.

Anamwino a ku sikelo ya ana ndiwo anamuphunzitsa nzeru. Anati afinyire mkaka m'chinthu chotsuka bwino, atseke, aike pozizira. Nanga m'munda wa tiyi pozizira ndi pati? Ndi pakati pa masamba omwewo. Tsiku lililonse Angella ankanjuta pakati pa mizere ya tiyi ngati wakuba, diso lina kuyang'ana njoka, lina kuyang'ana amuna, n'kumafinya. Kenako ankapatsira botolo mayi wobweretsa madzi akumwa kuti akalisiye ku layini pobwerera. Tsiku limeneli wezulo inalira msanga, ndipo anaiwala kulichotsa m'dengu.

Akapitao anatsegula botolo lija n'kulipendeketsa. Chimene chinatuluka chinali choyera mbee, ndipo chinagwera pa dothi lofiira. Kuseka konse kunatha.

"Mkaka," wina ananong'ona.

Akapitao anaona ndithu kuti si madzi. Koma pali anthu ena oti manyazi akawagwira pagulu, m'malo mofewa amauma. Sanasiye kuthira. Anathira mpaka dontho lomaliza, nakutumula botololo.

"Ndiye kuno mwakusandutsa kokamira ng'ombe?" anakalipa. "Tiyi ameneyu amapita kunja, akamwe anthu a ndalama zawo. Ukufuna akamwe ndi mkaka wako womwe?"

"Akapitao, chakudya cha mwana chimenecho!" Amene anakuwa anali a Teleza, mayi wamkulu wotchola pafupi ndi Angella, wodziwika ndi pakamwa. "Inu amayi anu anakulerani ndi chiyani? Ankakuyamwitsani tiyi?"

"A Teleza, mukufuna dengu lanu litsatire la mnzanuyu?"

A Teleza anameza mawu. Anali ndi ana kunyumba, ndipo amuna awo anali kumanda.

Dengu la Angella linakhuthulidwa m'ngalande. Akapitao anatembenukira gulu lonse. "Kuyambira lero, botolo m'munda muno ayi. Ndikaona mutu wa munthu wasowa pakati pa tiyi, tikiti ndilanda. Wofuna kuyamwitsa akakhale kwawo."

Pamene mzere unayambanso kuyenda, nyerere zinali zitazungulira kale pamalo ponyowa paja.

Masiku otsatira anali a moto. Pofika masana mabere a Angella ankalimba ngati miyala, ndipo zingwe za dengu zinkadutsa pomwepo. Mkaka unkadzitulukira wokha, n'kuumira pa bulauzi, ntchentche n'kumamutsatira. Anyamata ena opanda nzeru ankati akamadutsa, "Tigaireko, tiyi tili naye kale!" Iye ankangotchola, mano ataluma.

Ku layini Mtisunge ankalira mpaka mawu kusasa. A Olivia anayamba kumupatsa phala lamadzimadzi. Nanga akanatani, mwana akulira m'manja mwawo ndipo iwo alibe bere? Phala lija linamutsegula m'mimba. Matewera anadzaza chingwe. Angella akafika madzulo n'kumuika kubere, mwana ankayamwa pang'ono n'kusiya, atatopa. Bere lina linatupa, thupi la Angella linatentha, koma m'mawa ankapitabe kumunda. Kenako ululu unachepa, ndipo iye anayamba wasangalala, osadziwa kuti chimenecho ndiye choipa. Bere limamva. Likaona kuti tsiku lonse palibe wolifuna, limayamba kusiya.

M'mawa wina Angella anawapeza akapitao akumangirira sikelo pamtengo paja. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu.

"Akapitao, mawa ndi tsiku la sikelo. Mwana sali bwino. Ndimati mundilole."

"Sikelo?" Akapitao anamenya chitsulo cholendewera chija ndi chikhatho. "Sikelo yako ndi iyi. Ina ine sindiidziwa. Masamba akukula, sadikira mwana wa munthu."

M'mawa mwake Angella sanatenge dengu. Anabereka mwana n'kupita ku sikelo ya ana.

Kumeneko anamwino anamuveka Mtisunge kathumba kopimira, namupachika. Anayang'ana muvi, anayang'ana mwana, kenako anamugwira paliwombo pamene panali patalowa.

"Mayi, mwanayu mukumudyetsa chiyani?"

Angella anafotokoza zonse, za botolo, za phala, za akapitao. Anamwino anagwira m'chiuno.

"Koma lamulo lilipo, mayi. Woyamwitsa amayenera kupatsidwa nthawi pantchito. Sanakuuzeni?"

Akanamuuza ndani? Tiyi?

"Mwanayu akufunika kuchipatala chachikulu, ku boma, lero lomwe," anatero anamwino. "Musakayambe mwaphika, musakayambe mwachapa."

Angella anabereka mwana. Pamphambano, njira ya kumanja inkapita kokwerera minibasi, ya kumanzere inkakwera kumunda. Anaima pang'ono. Mumtima mwake munali chinthu chotentha kuposa malungo aja. Anakhota kumanzere.

Anafika wezulo ya masana itangolira. Tsiku limenelo bwana woyang'anira minda ya mbali imeneyo, a Dixon, anali atabwera pa njinga yamoto kudzaonerera kupima. Thirakitala yonyamula masamba inali itaima, injini ikulira. Angella anadutsa mzere wonse osapereka moni. Anatola dengu lopanda kanthu, anayala chitenje m'katimo, anamasula mwana n'kumugoneka. Kenako ananyamula dengulo n'kulikoleka pa sikelo.

"Pimani," anatero.

"Iwe, wapenga?" Akapitao anayang'ana kwa bwana, nayesa kuseka. "Chotsa mwanayo apa!"

"Munati sikelo yanga ndi iyi. Ina simuidziwa. Ndiye ndabwera. Pimani, muwerenge mokweza monga mumachitira ndi masamba."

Dengu linkazungulira pang'onopang'ono. Mtisunge sanalire. Mphamvu yolirira analibe. Timaso take tinali titalowa, timiyendo ngati timitengo ta tiyi todulidwa. Muvi wa sikelo, umene unazolowera kuthamanga ndi madengu odzaza, unangosuntha pang'ono n'kuima.

Akapitao Lackson anali atakuwa makilo pamtengo umenewo zaka zambiri. Pakamwa pawo panatseguka mwachizolowezi, koma sipanatuluke kanthu.

"Werengani, akapitao. Mawu athawa?" Angella sankakuwa, koma aliyense ankamva. "Mwezi watha muviwu ukanafika apa." Analoza ndi chala patsogolo pa muvi. Kenako analoza pansi, patsinde pa bulugama. "Zotsalazo zili apo. Munathira nokha. Nyerere zinadya."

A Dixon anatsika pa njinga. "Kodi chikuchitika n'chiyani pano, a Lackson?"

"Funsani ine, bwana," anatero a Teleza, akutula dengu lawo pansi. Tsiku limeneli sanameze mawu. Anafotokoza zonse, ngakhale za ng'ombe zija, mawu ndi mawu. Akulankhula choncho, mayi wina anatuluka pamzere n'kumasula pulasitiki amene otchola amamanga pathupi. Bulauzi yake inali ndi mabanga awiri ouma. Wina anachita chimodzimodzi, kenako winanso. Anali ambiri kuposa mmene aliyense ankaganizira. Palibe amene anakoleka dengu. Thirakitala inkangolira, ngolo ili yopanda kanthu.

A Dixon anapukuta thukuta. "Amayi, lamulo limenelo tikulidziwa. Lilipo, lili ku ofesi."

"Ku ofesi kuli ana oyamwa?" anafunsa a Teleza.

Kaya chinali chisoni, kaya anali mantha oti thirakitala ipita ku fakitale yopanda masamba, ndani angadziwe za mumtima mwa bwana? Chimene anthu anaona n'chakuti anatulutsa foni n'kuitana galimoto ya kampani. Angella anatula mwana pa sikelo, namufungata, osayang'ananso munthu. Galimoto itanyamuka, akapitao anali chiimire pomwe paja, akuyang'ana mbedza yopanda kanthu.

Mtisunge anagonekedwa kuchipatala kwa masabata. Anamubaya mitsempha ya m'manja mpaka kusowa pobaya. Koma sanafe. Anamwino a kumeneko anamuuza Angella kuti azimuikabe kubere usana ndi usiku, ndi kumafinya ngakhale pasatuluke kanthu, mwina mkaka n'kubwerera. Mawu akuti "mwina" amenewo ndiwo anabwera nawo kunyumba.

Tikiti ya Angella akapitao sanalande. Tsiku limene anabwerera kumunda, anapeza chisakasa chatsopano pafupi ndi mtengo wa sikelo, chotchingidwa ndi mphasa mbali zonse. M'kati munali benchi, ndowa ya madzi, sopo, ndi mtsuko waukulu woikamo mabotolo kuti azizire. Amayi oyamwitsa ankalowamo m'mawa ndi masana popanda wowawerengera mitu.

"Waona, chemwali?" anatero a Teleza. "Mphasa zitatu ndi benchi. Zinthu zake n'zomwezi. Mpaka mwana achite kupachikidwa pa sikelo ya masamba kuti mphasa zitatu zipezeke!" Analavula pansi. "Denga amanga okha akapitao ako. Masiku ano akulankhula ngati ali m'tchalitchi."

Nthawi itakwana, Angella anatula dengu n'kulunjika kuchisakasa. Pakhomo anapeza akapitao Lackson ataima, chipewa chili m'khwapa. M'manja anali ndi kapu yatsopano ya chivindikiro cholimba.

"Amake Mtisunge," anatero. Sanatinso "iwe". "Ndinagula kumsika wa ku Goliati. Iyi siidontha." Anatambasula manja kuti Angella ailandire. "Ndinaona kuti si madzi tsiku lija. Ndinaona, koma ndinathirabe. Ndinalakwa."

Angella analandira kapu ija osanena zikomo, nalowa.

M'katimo munali amayi ena awiri. Mkaka wawo unkalira m'mabotolo, tsoo, tsoo, iwo akucheza za mitengo ya sopo. Angella anasamba m'manja, anakhala kumapeto kwa benchi, nayamba kufinya. Anafinya bere lamanja. Anafinya lamanzere. Anabwereranso lamanja mpaka khungu linafiira. Amayi aja anamaliza, anasiya kucheza, natuluka mwakachetechete.

Pamene iye anatuluka, akapitao anali pomwe paja. Angella anawaonetsa m'kati mwa kapu. Munali timadontho tosakwana n'kuphimba pansi pake.

"Chisakasa chanu n'chabwino, akapitao," anatero. "Anzanga chiwathandiza. Wanga ndi umenewu. Pimani."

Anawaika kapuyo m'manja, anakoleka zingwe za dengu m'mapewa, nalowa m'mizere ya tiyi osacheuka.

Akapitao anayang'ana timadontho tija. Mayi wamadzi anali atapita kale. Iwo anatseka chivindikiro, anachiyesa kawiri ngati chagwira, nachiphimba ndi chipewa chawo kuti dzuwa lisachiombe. Wezulo ya masana, imene ankaliza iwo, sinalire pa nthawi yake tsiku limenelo. Otchola ataweramuka kuti aone chavuta n'chiyani, anaona akapitao Lackson ali kutali, mutu uli pambalambanda padzuwa, akutsika njira ya ku layini, atagwira kapu ija ndi manja awiri.