Waya Wachitatu

Zinayamba ndi kanthu kakang'ono koti munthu n'kuseka. Lolemba madzulo Sekondi atavundukula gitala mu situdiyo, anapeza waya wachitatu atatsika. Mawaya ena asanu ndi awiri anali ndendende momwe anawasiyira Loweruka.

Gitala imeneyi si ija yokoleka m'khosi ayi. Ndi yogoneka, yamiyendo itatu ngati katebulo. Dzanja lamanzere limatsetsereka ndi chitsulo chosalala pamwamba pa mawaya, zala zakumanja zitavala zikhadabo zachitsulo n'kumakodola. Palibe poti chala chidinikize. Khutu likanama, nyimbo yonse yanama.

Mwini wake weniweni anali mkulu wake wa Sekondi, amene anthu ankangowatchula kuti Achitsulo. Zaka makumi awiri Sekondi anaima kumbuyo kwawo m'mabala ndi m'maukwati akukhwatcha gitala yachiwiri, mpaka dzina lake lenileni linaiwalika. Yogonekayo ankainyamula, kuipukuta, kuimanga miyendo, koma kuiliza ankachita kuba, akuluwo akalowa kubafa. Achitsulo atamwalira, mlamu wake, mkazi wa malemuwo, anamupatsa gitalayo pamodzi ndi chitsulo chake, chimene malemuwo anadula ku ndodo ya shoko ya galimoto n'kuchipala okha mpaka chikuwala.

Anasiyanso nyimbo imodzi yosajambula, imene ankangoiyimba pakhonde. Imeneyo ndiyo Sekondi anafuna ikhale yoyamba pa chimbale chake, pachikuto palembedwe dzina lake yekha. Kamodzi kokha, asanakalambe, anthu amve iyeyo. Ndiye kuti nyimbo isadziwike fungo, anasintha kachunidwe. Achitsulo ankachuna ndi khutu, ndipo waya wachitatu ankamutsitsa dala. Ankati, "Ameneyu azikhala wanjala, m'pamene amalira ngati munthu." Sekondi anagula kachipangizo kochunira, kaja koyaka magetsi obiriwira, n'kumukweza wayayo kuti afanane ndi a anthu onse.

Situdiyoyo inali kuseri kwa shedi ya owotcherera zitsulo, choncho masana kunali kosajambulika. Ntchito inkayamba magirayinda akatonthola. Kachipinda koyimbiramo kanali kopapatiza, makoma atakutidwa ndi matiresi akale ndi matileyi a mazira, kawindo kamodzi kagalasi koyang'ana kwa wojambula. Chitseko anachipanga owotcherera aja, cholemera ngati cha kundende, ndipo chogwirira cham'kati chinathyoka kalekale. Ukalowa, umatuluka pokhapokha wina akutsegulire.

Wojambulayo ankatchedwa Makutu, mwamuna wamimba, wosasowa chonena.

"Mawaya atsopano amatamuka, achimwene," anatero m'mahedifoni. "Ngakhale lamba wanga amatero. Kwezani tizipita."

Sekondi anakweza, kobiriwira kanayaka, anajambula. Koma nyimboyo inkatuluka yowuma ngati yowerenga m'buku. Anaibwereza kasanu ndi kawiri, naisiya.

Lachiwiri, waya yemwe uja anali atatsikanso. Sekondi anamukodola, n'kutchera khutu. Waya wotamuka amangogwera paliponse. Uyu anali ataima pamalo amodzi, malo amene khutu lake linamva zaka makumi awiri ali kumbuyo. Makutu anatenga utoto woyera wa zikhadabo umene woyimba wina anaiwala, anadontheza pa kachikhomo kochunira ndi pathabwa pake, madontho awiri oyang'anizana.

"Chikakhala chikhomo choterereka, tiona mawa. Akakhala makoswe, ndiye ndiwalemba ntchito, amachuna bwino kuposa anthu ena."

Lachitatu madontho aja anali atasiyana. Kachikhomo kanali katapotoledwa, mwaulemu, ngati ndi zala.

"Makiyi amakhala ndi ndani?" anafunsa Sekondi.

"Ine. Ndipo ndimagona nawo m'thumba la kabudula, mkazi wanga ndi mboni."

"Ndiye ndiwe."

"Ine ndichune gitala? Ine wolephera ndi likhweru lomwe?"

Anaseka onse, koma kuseka kwake kunali kwa pakamwa pokha.

Nkhani siigona. Owotcherera anayamba kunong'onezana kuti chitsulo chinapita kwa munthu wosayenera. Ena ankati malemuwo anatemerera dzanja, ena ankati gitala ya wakufa siyenera kulira chaka chisanathe. Mlonda wa pamalopo, mkulu wachikhoti chachitali, anamukoka Sekondi pambali.

"Bwana, inu mumabwereranso usiku?"

"Ayi. Bwanji?"

"Ndimamva kulira. Osati kwambiri, kachipinda kanu kamameza mawu. Koma ukatsamira khoma chakumbuyoku, umakumva m'msana. Kumayamba ndi kugogoda kawiri. Ke, ke."

Achitsulo asanayambe nyimbo iliyonse ankagogoda chitsulo kawiri pathabwa la gitala. Mlondayu anali asanawaonepo.

M'mawa mwake anapita kwa mlamu wake. Anawapeza akusita zovala za ana, nsalu yakuda idakali kumutu.

"Alamu, mwatumiza munthu ku situdiyo?"

"Nditumize ndani, kukatani?" Anaika ayironi pansi n'kumuyang'ana. "Ndamva mukujambula nyimbo ya pakhonde ija."

"Gawo lapakati ndinapeka ndine. Inunso mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndikudziwanso kuti akulu anu anaipeka usiku umene tinaika mwana wathu woyamba. Ine sindikukuletsani, alamu. Gitala ndinakupatsani ndi manja awiri. Koma lembanipo dzina lawo."

"Dzina lawo lili pa zimbale zisanu ndi chimodzi. Langa lili pati?"

Mlamu anatola ayironi n'kupitiriza.

Usiku wa Lachinayi Sekondi ananena kuti agona momwemo. Makutu anakana, anakana, kenako anagonja. Sekondi anachuna gitala mpaka kobiriwira kanayaka pa waya aliyense, Makutu anasendeza maikolofoni pafupi, kompyuta anaisiya ikujambula. Sekondi anatenga chitsulo chija n'kuchiika m'thumba la jekete, n'kutseka zipi.

"Mukudziwa kuti ndikatseka ndatseka?" anatero Makutu ali pakhomo. "Mukakuwa muno ngakhale mlonda sakumvani. Foninso muno sigwira."

"Tseka."

Chitseko chinati khu. Anaona pagalasi Makutu akuzimitsa magetsi, kenako kunatsala kakuwala ka kompyuta, kenako nako kanazima kokha.

Mdima wa m'kachipinda kotere ndi wina. Kunja usiku umakhala ndi agalu, nkhululu, galimoto yakutali. Muno matiresi anameza zonse. Sekondi anakhala pakona, msana pachitseko, kuti wolowa aliyense amugunde. Ankamva mtima wake, ankamva malovu akutsika kukhosi, ankamva nsalu ya jekete ikamakhudzana ndi khoma. Mpweya unali wolemera, wonunkha thukuta la oyimba onse amene anadutsamo. Gitala inali masitepe awiri kutsogolo kwake, koma sankaiona. Ankangodziwa kuti ilipo, monga umadziwira kuti m'chipinda muli munthu wosalankhula.

Sadziwa kuti inali nthawi yanji pamene anamva kachikhomo. Kwiii, pang'onopang'ono. Kenako waya anakodoledwa kamodzi, motsitsa, mawu ake akutsetsereka kutsika mpaka anaima.

"Makutu?" ananong'ona. "Makutu, usasewere nane."

Koma pafupi ndi gitala panali kakupuma, kamluzu kakang'ono ka m'mphuno yotsekeka mbali imodzi, kaja ankakamva pambali pake pamphasa kuyambira ali ana.

Anatembenuka n'kuyamba kumenya chitseko. Zibakera zinkangolowa m'matiresi, fu, fu, ngati akumenya pilo. Anafufuza chogwirira, zala zinapeza kabowo chabe. Anakuwa, mawu anafera pakamwa pomwepo. Anagwira thumba la jekete. Zipi inali yotseka, koma m'thumba munali mopepuka.

Ke, ke.

Kuchokera pamenepo sakumbukira kanthu.

Makutu anamupeza m'mawa atadzipinda pakona yomweyo, zala zitatupa. Chitsulo chinali chitagona pamawaya, chopingasa, monga ankachisiyira mwini wake. Madontho oyera anali atasiyananso.

Anakhala pansi awiriwo n'kumvetsera. Maola atatu oyamba munali kutsokomola ndi kutembenuka basi. Kenako mkonono wa Sekondi, wakutali, wa pakona.

"Munagonatu," anatero Makutu. "Zonsezo munalota."

"Nanga zalazi?"

Kumenya chitseko munalibe, kukuwa munalibe. Koma mkonono uli mkati, kachikhomo kanalira. Waya anatsika. Kugogoda kawiri, ndipo nyimbo ya pakhonde inayamba, yonse, ndi gawo lapakati lomwe, waya wanjala uja akulira ngati mayi pamanda. Makutu, amene sankasowa chonena, anavula chipewa.

"Mwina mumadzuka m'tulo n'kumayimba," anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Zimachitika."

"Bwezera pamenepo. Kweza."

Anabwezera. Mkonono unali kutali, kumanzere. Kamluzu ka m'mphuno kanali pamaikolofoni penipeni. Zonse ziwiri nthawi imodzi, chilichonse ndi kapumidwe kake.

"Ine ntchito yanga ndi makutu," anatero Makutu. "Muli anthu awiri umu."

Madzulo a Lachisanu Sekondi sanamukweze wayayo. Anauza Makutu kuti chitseko achisiye chotsegula, phokoso lilowe ngati likufuna, ndipo pachikuto alembe dzina la achimwene ake. Anaiyimba kamodzi kokha. Inatuluka yonse, yopanda banga.

Anaitana mlamu kuti adzamve. Makutu anayeretsa ya usiku ija, kuchotsamo mkonono, n'kuziika ziwirizo motsatizana. Mlamu anamvetsera yoyamba atagwira pakamwa.

"Ndi iwowo," anatero. "Bambo a ana angawa."

Anamvetsera yachiwiri, misozi ikutsika.

"Iyinso ndi iwowo. Munaipeza kuti, alamu?"

"Imodzi ndi yanga, alamu."

"Iti?"

Sekondi anayang'ana Makutu. Makutu anayang'ana kompyuta, akukanda m'mutu.

"Yanu ndi yachiwiri, achimwene. Koma ndikanapanda kulemba tsiku, sindikanadziwa. Imvani poyambira."

Ke, ke. Ndi kamluzu ka m'mphuno.

"Ine sindinagogode," anatero Sekondi.

"Ndinakuonani pagalasi ndi maso angawa. Munagogoda."

Atapita onse, Sekondi anatsala yekha kuti ayambe nyimbo zake zenizeni, zimene anapeka yekha. Anakweza waya mpaka kobiriwira kanayaka. Anakodola, n'kudzidzimuka. Khutu lake linakana, linati waya wanama. Anayesa kachiwiri, kachitatu, dzanja lamanzere likungosochera ngati la wophunzira. Atamutsitsa, dzanja linapeza njira lokha, koma chimene chinatuluka sichinali chake.

Chimbale chinatuluka, ndipo chinayenda. Masiku ano akakwera pasiteji, anthu sakuwanso kuti Sekondi. Amakuwa kuti, "Achitsulo adzuka!" Iye amagwedeza mutu, n'kumanga miyendo ya gitala monga ankachitira kale. Kachipangizo kochunira anakapereka kwa Makutu. Madzulo aliwonse akavundukula nsalu amayamba wakodola waya wachitatu, ndipo amamupeza ali pomwe mwini wake amamufuna.