Nyumba Yotsika Mtengo

Wogula mbuzi wina ankakhoma loko watsopano pachitseko dzuwa likulowa, akuimba mluzu. Nyumbayo anali ataigula pa theka la mtengo wake, ndipo mwini wake sanakanirire ngakhale pang'ono. Munthu wanzeru akanafunsa chifukwa chake, koma iye anangodzitama kuti ali ndi pakamwa.

Fungo ndi limene linayamba. Madzulo alionse m'chipinda chogona munkanunkha nyama yowotcha, pamene kukhitchini moto unali wozima. Kenako mbuzi zinayamba kufa imodziimodzi, zopanda bala, zonse zitaloza kukhomo.

"Bambo, kudenga kukuyenda anthu," ananong'ona mkazi wake.

"Ndi makoswe amenewo."

"Makoswe amatsokomola?"

Mayi woyandikana nawo ndiye anaulula, ali kuseri kwa mpanda, maso ali pansi. "Mnzanu anakugulitsani nyumbayu ankadya nawo za kumanda. Itakwana nthawi yoti naye apereke wake, anagulitsa n'kuthawa. Eni ngongole sayang'ana nkhope, achimwene. Amadziwa khomo."

Tsiku lomwelo kutangoda, mawu okalamba anatsika kuchokera kudenga. "Tabwerera nyama yathu. Mayiyo atikwanira."

Wogula mbuzi anayamba kunenerera, pakuti chizolowezi sichimva mantha. "Mbuzi zatsala zisanu, tengani zonse."

"Ya miyendo inayi sitidya."

"Ndiye mundipatse mwezi, akuluakulu. Mayiyu ndi mafupa okhaokha, mudzapeza wonona."

Kudenga kunamveka kuseka kwa anthu ambiri. Anavomera.

M'mawa mwake wogula mbuzi anapaka laimu makoma onse, n'kuitana mkhalapakati. "Gulitsa msanga. Wogulayo usandiuze dzina, sindifuna kumudziwa." Nyumba inapita mlungu usanathe. Mkhalapakati anadandaula kuti wogulayo anali wouma manja, anagwetsa mtengo mpaka pansi. Wogula mbuzi anangoseka. Anali atapeza wopusa womuposa.

Tsiku losamuka, akumanga mitolo pakhonde, lole inaima pabwalo. Woyamba kutsika anali mkamwini wake, makiyi ali m'manja, mano onse pamtunda. Pambuyo pake panatsika mwana wake wamkazi, khanda lonenepa lili kumsana.

"Ababa, timafuna tikudzidzimutseni!" anafuula mwanayo. "Nyumba isapite kwa alendo. Mwaona mmene mkamwini wanu waphunzirira kunenerera kwa inu?"

Khanda lija linadzutsa mutu n'kuyang'ana kudenga, likumwetulira wina wake. Pamalata panamveka phazi, kenako lina, ndipo fungo la moto wongoyatsa kumene linadzaza khonde lonse.