Mankhwala Osamalizika a Dokotala Sambani

M'masiku amenewo chipatala chilichonse chinali ndi mfuluzi, makina ofulula mankhwala. Namwino ankangotchula nthenda, mfuluzi n'kutenga malangizo ku Bwalo Lotseguka, kumene asayansi a dziko lonse ankaika zonse zimene apeza kuti aliyense aone. Madzi asanawire pamoto, mankhwala amakhala atadontha kale m'kabotolo.

Koma itabuka nthenda ya kamtseka, yomwe inkatupitsa pakhosi mpaka munthu kubanika, mfuluzi anasowa chofulula.

Dokotala Elufe Sambani anali atayamba kufufuza mankhwala ake, koma anali atangowayesa pa mbewa zokha. Mwamuna wake Layitoni anali gone m'wodi, akupuma ngati akukoka mpweya ndi kabango. Elufe sankadya. Ankangoyang'ana zotsatira za kafukufuku wake mpaka maso kuchita phuliphuli, akudziwa kuti pali cholakwika, koma osachiona.

Mnzake wa ntchito, a Mtambalika, anamuletsa kuziika pa Bwalo. Anati anthu othedwa nzeru sawerenga chenjezo.

"A Mtambalika, amuna anga akufa," anatero Elufe. "Kwinakwake kuli munthu amene angaone chimene ine sindikuona. Ndimubisire?"

Anaziika zonse, pamwamba n'kulemba kuti n'zosamalizika, munthu asamwe.

Mbiri inawanda tsiku lomwelo. M'zipatala zakutali, abale a odwala anagwada pamaso pa anamwino, ena anathyola zitseko. Mfuluzi analamulidwa, ndipo anafulula. Omwe anamwa, pakhosi panatsegukadi. Anadya phala, ena mpaka kuimba nyimbo. Kenaka impso zinaleka kugwira ntchito.

Yankho linabwera sabata isanathe. Mayi wina wasayansi wa kutsidya kwa nyanja anaona cholakwikacho, nachikonza. Layitoni anamwa mankhwala okonzedwawo n'kudzuka, ndipo anthu zikwizikwi anadzuka naye.

Elufe anathamanga kuti akafufute malangizo oyamba aja, koma Bwalo linakana. Linamangidwa dala kuti chilichonse choikidwamo chisachoke, kuopa kuti wina angabise zoona.

Potuluka m'chipatala anapeza mayi wovala zakuda atakhala pansi pakhomo.

"Ndinu a Sambani? Mwana wanga anamwa mankhwala oyamba aja. Ndimangofuna ndikuoneni nkhope."

Elufe anagwada pafumbi. M'wodimo Layitoni ankamuitana ndi mawu amphamvu, ndipo Elufe anazindikira kuti moyo wake wonse sadzadziwa ngati tsiku lija anapulumutsa anthu kapena anawapha.