Kabatani Ajambula Mawu a Amayi

Kabatani ndi mtsikana wamfupi. Amayi ake ndi telala. Ndiwo anamupatsa dzina loseketsali.

Kabatani ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna anzake amve mawu a amayi ake.

Zinayamba Lolemba. Aphunzitsi anabweretsa matabuleti m'kalasi.

"Tipanga pulogalamu ya wailesi," anatero aphunzitsi. "Aliyense ajambule mawu a munthu akugwira ntchito. Lachisanu tidzamvera tonse."

Aphunzitsi anawaonetsa kajambulidwe kake. "Dinani batani lofiira. Mukamaliza, dinaninso."

"Kabatani adina batani!" anakuwa mnzake wina.

Kalasi yonse inaseka. Kabatani nayenso anaseka.

Lachitatu linali tsiku la Kabatani. Anatenga tabuleti kupita nayo kunyumba. Inali yoti abweze m'mawa mwake.

Anapeza amayi ali pa makina osokera. Tepi inali m'khosi. Choko chinali kukhutu. Pansi panali tizidutswa ta nsalu mbwee!

"Amayi, ndiuzeni za ntchito yanu," anatero Kabatani. "Ndikufuna ndijambule."

"Ine? Ayi, mwanawe. Mawu anga ndi osasa."

"Chonde, amayi."

"Chabwino. Tiye tiyese."

Kabatani anadina batani lofiira. Amayi anayang'ana tabuleti. Anatsegula pakamwa. Koma anangoseka.

Kabatani anayambiranso kujambula. Amayi anakhala tsonga. Anakonza kolala.

"Ine... ine... ntchito yanga... Iii, zimitsa!"

Kabatani anazimitsa. Anayesanso kachitatu. Amayi anabisa nkhope ndi nsalu.

"Pepa, mwana wanga," anatero amayi. "Kanthu kameneka kakundichititsa manyazi."

Kabatani anakhala pampando. Anagwira tsaya. Anzake onse adzakhala ndi mawu. Iye adzakhala alibe.

Amayi anayambanso kusoka. Makina analira. Teketeke! Teketeke!

Kabatani anadzutsa mutu.

"Amayi, kodi makinawa nawonso ali ndi manyazi?"

"Amenewa? Alibiretu! Amalongolola tsiku lonse."

"Ndiwajambule?"

"Jambula."

Kabatani anadina batani lofiira. Anajambula makina. Teketeke! Teketeke!

Anajambula sizasi. Kwetsu! Kwetsu!

Anajambula simbi pa nsalu yonyowa. Tswii!

Kenako ulusi unaduka. Amayi anaunyowetsa pakamwa.

"Mukuunyambitiranji ulusiwo?" anafunsa Kabatani.

"Kuti uwongoke," anayankha amayi. "Kabowo ka singano n'kakang'ono. Ulusi wouma umakana kulowa."

"Nanga anakuphunzitsani kusoka ndani?"

"Azakhali ako. Ndinali wamng'ono ngati iweyo. Miyendo yanga sinkafika n'komwe popondera."

"Munasoka chiyani poyamba?"

"Malaya a amalume ako. Koma ndinatseka mkono umodzi! Amalume anakankha dzanja. Anakankhanso. Dzanja silinatuluke!"

Kabatani anaseka mpaka misozi. Amayi nawonso anaseka mpaka kutsokomola.

Kenako Kabatani anayang'ana tabuleti. Kadontho kofiira kanali kakuthwanimabe.

"Amayi, sindinazimitse! Yajambula zonse. Ndifufute?"

Amayi anasiya kupalasa makina. "Dikira. Timvere kaye."

Anamvera limodzi. Anamva makina. Anamva sizasi. Anamva simbi. Kenako anamva mawu a amayi.

"Ameneyu ndine?" anafunsa amayi.

"Ndinu."

"Koma ndikulankhula bwinotu!"

"Ndifufute?"

"Usafufute. Ungochotsa pamene ndatsokomolapo."

Lachinayi aphunzitsi anathandiza Kabatani. Anamuonetsa kudula mawu. Anamuonetsa kulumikiza mawu. Kabatani anadula chifuwa chija. Analumikiza zotsalazo.

"Wagwira msanga bwanji!" anatero aphunzitsi.

"N'chimodzimodzi kusoka," anatero Kabatani. "Kudula, kenako kulumikiza."

Lachisanu linafika. Ana anakhala chete. Anamva mawu a kalipentala. Anamva mawu a namwino. Kenako aphunzitsi anaika a Kabatani.

Teketeke! Teketeke!

"Ndi sitima!" anakuwa wina.

Kwetsu! Kwetsu!

"Ayi, ndi ometa!" anakuwa winanso.

Kenako amayi anayamba kulankhula. Ana anamvetsera. Atamva za dzanja la amalume, anagwa nacho chikhakhali. Aphunzitsi anapukuta misozi.

"Ikaninso! Ikaninso!" anapempha ana.

Aphunzitsi anaikanso.

Kabatani anathamanga ulendo wa kunyumba. Anapeza amayi akusoka. Abambo anali akuwathandiza kupinda nsalu.

"Amayi! Anakumverani kawiri! Anaomba m'manja!"

"Kawiri?" anafunsa abambo. "Ndiye kuti m'nyumba muno muli muulutsi!"

"Musandiseke, inu," anatero amayi. Koma anali akumwetulira.

Anakoka Kabatani n'kumukhazika pamiyendo.

"Tabuleti ija idzabweranso liti?" ananong'ona amayi.

"Mwezi wamawa."

"Udzandiuze msanga. Ndili ndi nkhani zambiri. Ya buluku la abambo akowa sunaimve!"

"Imeneyo ayi!" anakuwa abambo.

Onse atatu anaseka.