Nyerere za pa Kandowa ka Pilira

Zinayamba ndi nyerere. Mwezi wa Juni ku Mphunzi chisanu chimaluma mpaka m'mafupa, nyerere sizionekaoneka. Koma Pilira, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, anadzuka m'mawa n'kupeza zitazinga kandowa kake kokodzeramo usiku, zakuda bii ngati wina wamwaza makala. Anazisesa. Mawa lake zinabweranso, mzere umodzi kuchokera pansi pa chitseko, osakhotera kudengu la ufa, kulunjika kandowa basi.

Ludzu nalo linamugwira lachilendo, usiku umodzi kudzuka kasanu. Phala lam'mawa linayamba kumveka misomali m'kamwa. Ndiye usiku wina atadzuka anamva kaphokoso chapansipansi, kwe, kwe, kwe, ngati fupa likukhulidwa pamwala, kuchokera kukhitchini. Mphepo inkalira m'mitengo, galu ali chete. Anapapasa pamphasa. Malo a mwamuna wake, Levison, anali ozizira.

Pamjigo nkhani inali itapsa kale, pajatu pamjigo sipagona nkhani. Levisoniyo, wocheka matabwa kuphiri la Dedza, munthu wofatsa ngati katekisiti, anamuona kawiri kuseri kwa nyumba ya Jestina akunong'onezana, Jestina akumufumbatitsa kanthu. Jestina naye anali ndi pakati, chonsecho mwamuna wake ali ku Joni, anangobwera pa Khirisimasi. Amayi anawerenga miyezi ndi zala, aliyense n'kupeza yankho lake.

"Jestinayo akufuna wakoyo apite padera, atsale wake," mayi wina anamunong'oneza Pilira pomusenza ndowa. "Nyerere sizilondola munthu chabe."

Pilira anagwira pamimba. Mwana anagunda kamodzi, ngati wamva.

Usiku wotsatira ananamizira kugona. Mphasa inalira, chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Kwe, kwe, kwe. Anafunda chitenje, natuluka osavala nsapato, mame akumuwaza m'miyendo. Pakhomo la khitchini anayatsa tochi ya foni.

Levison anali atanjuta, supuni m'manja, akupera timapilitsi tofiira pamwala. Pambali pake chitini cha ufa wa phala la Pilira chili chotsegula.

"Bambo, mukundipha?"

Supuni inagwa.

"Ayi, mayi. Ndi owonjezera magazi aja akusikelo. A Jestina amawasanzitsa, ndiye ndimakapempha awo. Inu amangoti limodzi patsiku. Limodzi lingatani?" Kenako anati, "Malemu Susan anatha magazi pobereka ine ndikuona, pangolo, tisanafike kuchipatala ku Linthipe."

Susan anali mkazi wake woyamba.  Pilira anangotseka chitini chija n'kuchikupatira.

Kutacha anapita onse kusikelo, nafotokoza zonse. Namwino anamubaya Pilira pachala, nayang'ana kamakina.

"Shuga wakwera, mayi. Nyerere zinakuyezani kale, zimatsata kutsekemera." Anatembenukira kwa Levison, amene ankapotokola chipewa. "Shuga wa amayi oyembekezera amabwera pa zifukwa zambiri, sindinganene kuti ndi inu nokha. Koma mayiwa magazi awo ndi okwana, ndipo mankhwala amenewa akapyola muyeso akhoza kukankhira shugayo m'mwamba. Limodzi lomwe tinanena lija, basi. Ndipo a Jestinawo muwauze abwere, mwawadyera magazi awo."

Tiyi wa masupuni anayi a shuga anathera pomwepo. Pilira ankapita kukayezetsa sabata iliyonse, Levison akumuperekeza panjinga mwakachetechete ngati mwana wolakwa. Mu Ogasiti kunabadwa kamtsikana kolira mokweza, Tikondwe. Pamjigo anadandaula sabata yathunthu kuti nkhani yokoma ngati imene ija yathera m'mapilitsi.

Shuga anatsika. Koma mpaka lero, kukamacha, Pilira amamva mphasa ikulira, wina akukwawa mumdima. Satsegulanso maso. Amadziwa kuti ndi Levison, wagwada pakandowa ndi tochi, akusaka nyerere.