Kansalu ka Kaputeni wa Njati

Fanwell Mbewe ankanyamula anthu pa njinga mu Sinda. Tsiku lonse ankapalasa kuchoka pamsika kupita kumidzi, kumbuyo atakweza mayi ndi thumba la chimanga kapena mphunzitsi wochedwa kusukulu, koma denga la nyumba yake linkadonthabe ndipo mkazi wake anali atasiya kalekale kupempha chitenje chatsopano. Chomusangalatsa pa moyo chinali chimodzi chokha: timu ya mpira ya m'tauniyo, ya Njati.

Lolemba lililonse masapota a Njati ankasonkhana pakhonde la shopu ya a Salimu kukangana za masewero a dzulo lake. Wina amati vuto ndi golokipa, wina amati kochi, ndipo mawu a Fanwell ndiwo ankamveka kuposa a onse.

"Vuto ni mwini timu!" anakuwa tsiku lina. "A Njobvu sadziwa mpira. Amangolemba abale awo chabe!"

Sanaone kuti a Njobvuwo, mwini zigayo zitatu komanso mwini timuyo, anali ataima kumbuyo kwake ndi botolo la madzi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nkhwaila zong'ambika.

"Iwe si uja umaonera mpira uli mumtengo pothawa kulipira pageti? Ukadzakwanitsa kugula mpira umodzi chabe, udzabwere tidzakambe za timu."

Khonde lonse linafa nako kuseka. A Njobvu analowa m'galimoto yawo yoyera n'kumapita. Fanwell anaiyang'ana galimotoyo mpaka inazimiririka mumsewu waukulu, ndipo kuyambira tsiku limenelo chakudya sichinkamukomera.

Patapita milungu ingapo, wogula fodya wina amene anamukweza pa njinga anamunong'oneza za munthu wa ku Vubwi, kufupi ndi malire, amene amakonza mwayi wa anthu. Fanwell anagulitsa mbuzi ya mkazi wake napita.

Ankayembekeza kupeza kanyumba ka udzu kodzaza nsupa ndi zikopa. Anapeza nyumba ya malata yosesedwa bwino, ndi bambo wovala shati yosita atakhala pakhonde masana, akusenda nzimbe. Dzina lawo linali a Dzoole. Anamvetsera nkhani yonse osamudula mawu.

"Ndiye mukufuna chuma, kapena mukufuna timu?"

"Zonse ziwiri."

"Zili bwino, poti chimodzi chidzadyetsa chinzake." Analowa m'nyumba natuluka ndi kansalu kofiira kovala pamkono, konga kamene amavala kaputeni wa timu. "Ine sindilandira kanthu. Koma eni ake a kansaluka, amene adzakuthamangitsireni chumacho, amatopa, ndipo chaka ndi chaka amafuna miyendo yatsopano."

Fanwell anayang'ana miyendo yake.

"Yanuyo ayi, yatha kale ndi njinga," anatero a Dzoole akumwetulira. "Chaka chino chisanathe timu idzakhala yanu. Kuyambira pamenepo, pa masewero omaliza a pakhomo chaka chilichonse, kansaluka kazikhala pamkono wa wosewera. Amene adzakhale atakavala refa akamaimba wezulo yomaliza, ameneyo ndiye mwapereka."

"Adzafa?"

"Ndani wanena za imfa? Adzadya, adzalankhula, adzakalamba. Kungoti sadzaimanso."

Fanwell anaganiza za anyamata amene ankawaimbira nyimbo ali mumtengo. Kenako anakumbukira kuseka kwa pakhonde la a Salimu.

"Nanga chaka china akapanda kuvala munthu?"

"Eni ake adzabwera kudzatenga zawo zonse, ndipo pobwerera sadzapita wapansi."

Fanwell anatambasula dzanja nalandira kansaluko. Kanali kofunda ngati kangochotsedwa pathupi la munthu.

Chaka chimenecho anayamba kugula soya ndi sikelo yobwereka. Mtengo unkakwera tsiku lomwe iye akugulitsa. Dzinja lisanafike anali ndi lole, kenako malole anayi ndi shopu ya zipangizo zomangira. Zigayo za a Njobvu zinkawonongeka chimodzichimodzi, mpaka iwo eni anabwera, chipewa chili m'manja, kudzapempha kuti a Mbewe atenge timu. Fanwell anagula yunifomu yatsopano, anamanga mpanda wa njerwa kuzungulira bwalo, ndipo mtengo uja ankakweramo analamula kuti udulidwe.

Kaputeni wa Njati anali Benson, wotchinga kumbuyo, bambo wa ana awiri. Pa masewero omaliza Fanwell anamupatsa kansalu kofiira nati ndi mphatso. Njati inapambana. M'mawa mwake Benson analephera kutsika pabedi. Kuchipatala anamuunika msana ndi magazi, koma sanapeze kanthu.

Lolemba lotsatira pakhonde la a Salimu panali moto.

"Ni kochi uyu! Amathamangitsa anyamata kuphiri ngati abulu!"

"Iyayi, Benson anagundidwa msana hafu yoyamba, ine ninaona."

"Kochi achoke basi!"

Kochiyo anali a Humphrey, mphunzitsi wopuma amene anaphunzitsa timuyo zaka khumi ndi ziwiri osadandaula za malipiro. Masapota anapita kunyumba kwawo ndi miyala naswa mazenera. Fanwell anawachotsa ntchito pamaso pa anthu, ndipo anthu anamuwombera m'manja. A Humphrey anangoti, "Bwana, ana amenewa ndimawasamala ngati anga," nakwera njinga yawo kubwerera kumudzi ku Mkaika.

Fanwell anagulira Benson njinga ya olumala. Anthu anati a Mbewe ndi munthu wachifundo.

Chaka chachiwiri anavala kansaluko ndi Anthony, golokipa. Iye sanafike n'komwe m'mawa. Anakhala pansi pageti potuluka m'bwalo ndipo sanadzukenso. Mkangano wa pakhonde unakula. Ena amati timu ya ku Katete inakwirira mankhwala pagoli, ena amati ndi mapiritsi amene anyamata amamwa mobisa. A Salimu, amene kawirikawiri ankangomvetsera akuyeza shuga, anatukula mutu.

"Ine mpira sindiudziwa. Koma onse awiri anali makaputeni."

Wina anaseka nati a Salimu azingogulitsa sopo. Nkhani inabwerera kwa golokipa watsopano.

Fanwell anali atayamba kuonda ngakhale ankadya nyama tsiku lililonse. Akaona Benson akukankhidwa pamsika ankatembenuza galimoto. Kansalu kaja ankakatsekera m'kabati ya muofesi, koma nthawi zina masana, ali yekha, ankamva ngati anthu akuthamanga mozungulira chipindacho opanda nsapato.

Chaka chachitatu m'timu munatulukira mnyamata wogoletsa zigoli ngati mvula. Anali Obvious, mwana wa mlongo wake wa Fanwell, Ottilia. Mayiyu analera mwanayo yekha ndi geni ya tomato, ndipo tsopano ankabwera kubwalo masewero alionse atavala chitenje cha mtundu wa timu. Njati inatsala pang'ono kukwera kupita mu ligi yapamwamba, ndipo masapota onse anagwirizana chinthu chimodzi kwa nthawi yoyamba: Obvious akhale kaputeni.

Fanwell anakana. Anapita kumalire nabwera ndi wosewera wa ku Mozambique dzina lake Armando, munthu wofatsa wopanda mbale aliyense mu Sinda, namuika ukaputeni. Armando ankayesetsa, koma anali wolemera thupi ndipo mpira unkamudutsa.

"Kaputeni wabwanji uyu, wothamanga ngati wanyamula thumba la simenti?"

"A Mbewe ali na jelasi na mphwawo. Safuna kuti mwana atchuke."

"Timu si ya munthu mmodzi iyi. Anagula yunifomu, sanagule ife!"

Ottilia anapita kuofesi ya mlongo wake.

"Achimwene, mwana wanga anakulakwirani chiyani? Inu ndinu amalume ake, mwini mbumba. Anthu akunja akumukweza, inu mukumupondereza."

"Ottilia, ndikumuteteza."

"Kumuteteza ku chiyani?"

Fanwell anatsegula pakamwa. Akadanena tsiku limenelo, mwina zinthu zikadayenda mwina. Koma panja lole yake inali kutsitsa simenti, anyamata akumuitana kuti bwana, ndipo anangoti, "Akadali mwana. Chaka chamawa." Ottilia anatuluka osatsanzika.

Masewero omaliza anali ndi timu ya ku Katete, ndipo wopambana ndiye ankakwera ligi. Fanwell anaitana kochi watsopano pambali.

"Armando asatuluke m'bwalo. Ngakhale athyoke mwendo, amalize masewero. Mwamva?"

"Ndamva, bwana."

Bwalo linadzaza mpaka ena anakhala pamwamba pa mpanda. Obvious anagoletsa chigoli hafu yoyamba. A ku Katete anabweza chifukwa Armando anaphonya mpira poyera. Obvious anagoletsanso chachiwiri ndi mutu, bwalo lonse n'kugwedezeka. Kutatsala mphindi zisanu, Armando anali akupuma movutikira, ndipo a ku Katete ankadutsira mbali yake yokhayokha.

"Mutulutseni! Mutulutseni!"

Mwala unagwa pafupi ndi benchi. Kochi anayang'ana khamu la anthu, nakumbukira mazenera a a Humphrey. Anaimika dzanja napempha kusintha wosewera.

Armando anachita zimene kaputeni aliyense amachita potuluka. Anavula kansalu, nathamangira kwa Obvious, namumanga pamkono, namusisita paphewa. Anthu anakuwa ndi chimwemwe chimene Sinda inali isanachimvepo.

Fanwell anadumpha pampando wake pansi pa tenti. "Vula! Obvious, vula!" Mawu ake anamira m'phokoso la ng'oma ndi mavuvuzela. Anathamangira kubwalo, koma masapota atamuona anaganiza kuti bwana wagonja ndipo akusangalala nawo. Anamugwira, namunyamula pamapewa, nayamba kuvina naye. Iye ankamenya mitu yawo ndi zibakera, akulira, akupempha kuti amutsitse, iwo n'kumamuponya m'mwamba akuimba dzina lake. Ali m'mwambamo anaona refa akuyang'ana wotchi, kenako akuika wezulo pakamwa.

Atamutsitsa anakwawa pakati pa miyendo ya anthu mpaka anafika pa mphwake. Anang'amba kansaluko pamkono.

"Amalume, mwatani? Tapambana!"

"Ndakupereka, mwana wa mlongo wanga! Benson ndine, Anthony ndine, manje ndakupereka iwe!"

Amene anali pafupi anamva. Ng'oma zinaleka imodziimodzi. Obvious anaseka pang'ono posamvetsa, nayenda masitepe atatu kulunjika kwa mayi ake amene ankabwera akuthamanga ndi nthungululu. Pa sitepe yachinayi maondo ake anapinda.

M'mawa mwake Fanwell anayendetsa galimoto mpaka ku Vubwi. Anapeza a Dzoole akuthirira maluwa. Anagwada pafumbi.

"Tengani malole, tengani shopu, tengani miyendo yanga. Mubwezereni mwana."

"Zolandiridwa sizibwerera, a Mbewe. Ndipo mukulira chiyani? Miyendo ya chaka chino aikonda kwambiri. Malole anu ayenda bwino kuposa kale." Anapitiriza kuthirira. "Muyambe kuganiza za chaka chamawa."

Chaka chotsatiracho panalibe womuveka kansaluko. Osewera onse anachoka sabata yomweyo, ndipo Njati sinasewere ngakhale kamodzi mu ligi imene inaivutikira. Anthu anasiya kugula m'shopu yake. Mkazi wake anatenga ana napita kwawo. Fanwell anaponya kansaluko m'chimbudzi, koma m'mawa anakapeza m'thumba la shati. Anakatentha, nakapezanso.

Tsiku limene masewero omaliza akadachitika, malole ake awiri anagundana okhaokha pamsewu wa ku Chipata, ndipo shopu inapsa dzuwa likuswa mtengo. Madzulo ake anthu anamupeza pakati pa bwalo lomera udzu, atakhala pansi, miyendo itafota ngati ya mwana wakhanda, kansalu kofiira kali pamkono pake. Ankakuwira osewera amene panalibe, akuwauza kuti avule.

Anakhala chomwecho miyezi isanu ndi umodzi, akudzikoka ndi manja pamsika, osazindikira munthu. Amene ankamupatsa chakudya anali a Salimu okha. Atamwalira, pamaliro panafika anthu osakwana khumi. Ottilia sanabwere, anali kunyumba akusambitsa mwana wake wa zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Umphawi wa Fanwell unali woona, ndipo chipongwe chimene anachitiridwa chinali chowawa. Koma palibe chipongwe chimene chimapatsa munthu ufulu wogula ulemu ndi thupi la mnzake. Wofuna kulemera msanga ndi mankhwala amayamba ndi kupereka anthu amene akuganiza kuti sadzawalira, ndipo dyera silimuuza kuti tsiku lina mzerewo udzafika pakhomo pake. Chuma chotere muchikane chikadali m'manja mwa mwini wake, chifukwa mukachilandira, wosankha amene alipire simukhalanso inu.